Masiku Asanu ndi Limodzi a Bambo Edmundo

Linali tsiku lachisanu bambo Edmundo ali m'chitokosi cha apolisi. Ntchito yawo inali yonyamulira katundu alendo okwera phiri kuchokera pa Likhubula. Kamera ya mlendo wina itasowa ku Chambe pamwamba pa phirilo, basi, anthu anangoloza iwowo.

Akazi awo, mayi Arminda, ankangokapereka chakudya n'kubwerako osafunsa kanthu. Banjali linabwera kalekale pothawa nkhondo ku Mozambique, ndiye mayiwa ankaopa kuti akangotsegula pakamwa awauza kuti azipita kwawo.

Mnzawo woyandikana naye nyumba, mayi Esteri, zinawakwana.

"Amake Luiza, mulira mpaka liti? Mawa ku boma kuli msonkhano waukulu wa mamembala a bungwe lathu loona za ufulu wa anthu. Tipitire limodzi."

Tsiku lotsatira atafika pakhomo la holo, mayi Arminda anaona tebulo, kaundula ndi cholembera. Kwawo nthawi ya nkhondo, wolembedwa dzina ndi amene ankabwera kudzamutenga.

"Ine ayi, sindilemba. Ndi khadi lomwe ndilibe," anatero akubwerera chafutambuyo.

Bambo Lenard, mlangizi wa zamalamulo wa bungwelo, anaimirira. "Mayi, lowani. Kaundulayu ndi wa mamembala amene asankhe atsogoleri masana ano. Wobwera ndi dandaulo sitimufunsa khadi."

Itakwana nthawi ya madandaulo, mayi Esteri anachita kuwakoka nsalu mayi Arminda kuti aimirire. Anafotokoza za kumangidwa kwa amuna awo.

"Akhalamo masiku angati osapita kukhoti?" anafunsa bambo Lenard.

"Lero lachisanu ndi chimodzi."

Holo yonse inangoti, "Aaa!"

"Malamulo a dziko lino akuti munthu akamangidwa, apite naye kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera tsiku loti khoti silitsegula, apite naye tsiku loyamba lotsegula. Zikakanika, amutulutse," anatero bambo Lenard.

"Ngakhale ife ochokera kutsidya?"

"Lamulo likuti munthu aliyense, mayi. Silifunsa kumene munabadwira."

Mamembala sanafune zochedwa. Anatuma bambo Lenard ndi amayi awiri kuti awaperekeze kupolisi nthawi yomweyo. Kumeneko mayi Arminda anafunsa okha, mwaulemu, tsiku limene amuna awo adzaonekere kukhoti. Mkulu wa apolisi anaitanitsa mapepala, n'kupeza kuti umboni panalibe. Dzuwa lisanapendeke, bambo Edmundo anatuluka pa belo, ataonda, ndevu zili nyankhalala.

Mayi Arminda anagwada pamaso pa anthu aja misozi ili mbwembwembwe. "Zikomo, abale anga. Ndikanangokhala kunyumba, sindikudziwa."

Ali m'njira, bambo Edmundo ananong'ona. "Amake Luiza, mwagulitsa chiyani kuti anditulutse? Mbuzi ija?"

"Mbuzi ili m'khola, bambo. Ine ndangofunsa basi."

Inunso m'bale wanu akamangidwa, musakhale chete chifukwa cha mantha. Werengani maola, funsani, ndipo pitani kwa odziwa malamulo akuthandizeni. Ufulu umenewu ndi wa munthu aliyense wokhala m'Malawi muno.