Batire la Kamera ya Kuseri

Sumaila anali pamakwerero akumasula kamera ya kuseri kwa nyumba pamene alendo omaliza a pasadaka ya mayi ake ankatuluka pageti. Mikeka inali isanapindidwe n'komwe. Pansi panaima malume ake, a Abdulhamid, atatsamira ndodo.

"Tsika, iwe. Makinawo sathawa."

"Ayi amalume, nkhaniyi ithe lero muli pompano. Muone ndi maso anu."

Nyumba ya Sumaila ku Area 12 inali ndi makamera opanda mawaya pangodya iliyonse, ndipo ankawanyadira kuposa ana ake. Enawo batire linkakhala miyezi. Koma ya kuseri, yoyang'ana kanjira kochokera ku boyizikota kupita kukhomo la kukhitchini, inkatha sabata isanathe. Anagula batire latsopano. Anasendeza rauta ya intaneti pawindo poganiza kuti netiweki ikuvuta kufika. Anadula nthambi ya mango yomwe mphepo inkagwedeza, anakhomanso kachidutswa ka lata pamwamba kuti dzuwa lisamaotche. Zonsezo zinangopita pachabe, mpaka mkazi wake Nasrin anapeza yankho lomwe silinafune sikuludalaiva. Anati vuto ndi Tausi.

Tausi anali mlongo wake wa Sumaila. Banja litamuthera, anabwera kudzakhala ku boyizikota ndi mayi awo, a Kulusumu, ndipo masana ankagulitsa zitenje mumsika wa Lilongwe. Nyumba yaikulu inali ndi zipinda zogona akangaude, koma Nasrin ankati mafuta omwe agogo amapaka m'mawondo amanunkhitsa makatani. Tsiku lomwe a Kulusumu anamwalira, Tausi ndiye anawapeza pochokera kumsika, atagwa kuseri kwa thanki ya madzi, kutali ndi kanjira kaja. Kamera sinajambule kalikonse tsiku limenelo.

Onse anakhala pakhonde. Tausi anakhala pansi, mpango utatsika mpaka pamphumi.

"Amalume, ine sindibisa mawu," anayamba Nasrin. "Kamera imeneyi amaiseweretsa ndi alamu angawa. Amafuna izizima kuti azilowetsa alendo awo ndi kutulutsa za m'khitchini. Ikanakhala yoyaka, bwenzi amayi titawaona, bwenzi titathamangira nawo kuchipatala. Munthu wotere tizisungabe pampanda pano?"

"Ine kamerayo sindiifikira ndi dzanja lomwe," anatero Tausi.

"Mpando ulipo."

Tausi analibe kwina kopita. Nyumba ya bambo awo ku Old Town inagulitsidwa kalekale, ndipo aliyense pakhondepo ankadziwa zimenezo.

Sumaila analumikiza kamera kuchaja kuti amalume aone kuti yafa. Kanyali kanayaka kobiriwira. Anachotsa, nalumikizanso, kobiriwirabe. Atatsegula foni anapeza batire lidakali lodzaza, chinthu chomwe kamera imeneyo inali isanachitepo chiigulire.

"Ndiye yafa kapena ili moyo?" anafunsa a Abdulhamid.

Sumaila analowa momwe mumasungidwa zojambulidwa, momwe anali asanalowemo miyezi yambiri. Mavidiyo anali mbwee, ndipo onse chithunzi chake chinali chimodzi: mayi wokalamba ataima pakanjira, nkhope itayang'ana m'mwamba. Anatsegula imodzi.

"Odi," anatero a Kulusumu m'fonimo.

Anaima, manja atagwirana kutsogolo. Anadikira. Anasuntha phazi lopweteka lija, nadikirabe.

"Odi kuno, Sumaila."

Vidiyo inatha iwo ali chiimire. Yotsatira inayamba iwo ali pompo. Sumaila anatsegula ya tsiku lina, odi yemweyo. Ina anali atanyamula mbale yovundikira, ina mvula ikuwaza, ina anangoti, "Ndimati ndikuone, wapita kale kuntchito?" Kamera yotere imagona ikakhala kuti palibe chikuyenda, ndipo m'mene imasungira moto ndi momwemo. Iyi sinkagona, chifukwa tsiku lililonse inkakhala ndi mlendo.

"Munawauza nokha, achimwene," anatero Tausi motsitsa mawu. "Tsiku lomwe munkaikhoma lija. Munati, amayi musamangolowa m'nyumba, mukafuna kanthu muziima apa n'kulankhula, ine ndizikumvani pafoni."

Zinali zoona, ndipo Sumaila anakumbukira. Anakumbukiranso kuti sabata yomweyo foni inkangolira ali m'misonkhano ku City Centre, mpaka anatseka mauthenga a kamera ya kuseri. A Kulusumu anakulira m'makomo a ku Old Town, komwe munthu ukati odi suponda pakhomo mpaka wina atakuti lowani. Mwana wawo anati adzamva, ndiye iwo ankadikira kuti ayankhe.

A Abdulhamid anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli mawu.

Nasrin ndiye sanasowe chonena. "Ndiye mwaonatu. Munthu wamkulu kumaima padzuwa chonchi, mwana wawo wamkazi ali kuti? Ali kumsika. Kusamala kwake n'kumeneku?"

Tausi ankangoyang'ana mchimwene wake, osaphethira, ndipo maso amenewo ndi omwe anamuthera Tausi malo pampandapo. Sumaila akanatha kukhululukira mlongo wakuba. Mlongo yemwe waonera naye mavidiyo aja sakanatha kumakumana naye pageti m'mawa uliwonse.

"Boyizikota ndikufuna kuikamo mlonda," anatero, maso ali pafoni. "Mwezi uno ukamatha ukhale utapeza pokhala."

"Sumaila!" anakalipa a Abdulhamid. "Dothi la pamanda a mayi ako silinaume. Kamera yako yomweyi yamuyeretsa mwanayu."

"Nkhani ya kamera yatha, amalume. Iyi ndi ya nyumba yanga."

Anayamba kufufuta. Chala chinkathamanga, ndipo ma odi a mayi ake ankazimirira m'modzim'modzi. Atafika pa vidiyo yomaliza, yojambulidwa masiku angapo imfa isanachitike, Tausi anamugwira dzanja. Aka kanali koyamba kumugwira chikulireni.

"Imeneyo itsegule. Ukatero ufufute."

Mwina chifukwa sanamutchule achimwene, Sumaila anatsegula.

A Kulusumu anatulukira pakanjira atanyamula mbale ya zitumbuwa, zomwe Sumaila ankazilirira ali mwana. Anaiika bwinobwino pasitepe ya kukhitchini n'kubwerera pamalo pawo pa masiku onse.

"Odi, mwanangu. Sindichedwa lero. Ndamva apongozi akudandaula kuti kamakina kako kakumatha moto chifukwa cha anthu oyendayenda kuno. Ndine, bambo, si wina ayi. Usamukalipire Tausi. Ndizidzera kuseri kwa thanki, kumene sikandiona, kuti kazipuma."

Anadikira pang'ono, monga mwa chizolowezi, mwina lero angayankhidwe. Kenako anawomba m'manja kawiri mofatsa, napinda mawondo opweteka aja, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo kuti asamufulatire mwana wawo. Anatuluka m'chithunzi pang'onopang'ono, ndipo kamera inatsala ikuyang'ana mbale ija pasitepe mpaka inagona.