Chipsera cha pa Tebulo

Nyumba yatsopano ya khonsolo inali yabwino, zimenezo ngakhale wansanje sakanatsutsa. Masana simunkayatsidwa getsi, kuwala kunkalowera m'mazenera a kudenga. Makina oziziritsa munalibe, mphepo inkalowa m'munsi n'kukatulukira pamwamba yokha. Madzi a mvula ankatsikira m'matanki n'kumakagwira ntchito kuzimbudzi. Amene anaijambula anali mtsikana wa magalasi, woyenda ngati basi ikumusiya, ndipo antchito anangomutcha Amapulani.

Chimene chinawawa anthu ndi lamulo la mipando. Munalibe maofesi otsekera, inali holo imodzi, ndipo palibe amene anali ndi desiki yakeyake. Ukafika unkakhala pamene wapeza malo, poweruka n'kulongedza zako zonse kukaika m'kabati.

"Ngakhale kondakitala amadziwa pokhala pake," anadandaula bambo wa misonkho. Anthu anaseka, koma lamulo silinasinthe.

Amayi a Ziphaso, amene ankapereka ziphaso za malonda, sanaseke nawo ndipo sanadandaule. Amuna awo anamwalira mwezi womwe khonsolo inkasamuka. Chiikireni maliro sanalirepo. Sikuti ankadzilimbitsa mtima ayi, misoziyo inalibe kumene. Ankadya chifukwa nthawi yakwana, n'kumayankha moni chifukwa wina wapereka. Zovala za malemu achibale anagawana, njinga inapita ndi alamu awo, iwo n'kumangoyang'ana ngati katundu wa eni.

Malemuwo anali kalaliki wa mafailo m'nyumba yakale ya khonsolo, munthu wamakani pa nkhani ya njinga yake. Abwana analetsa kulowetsa njinga mu ofesi, koma iwo ankailowetsabe m'mawa uliwonse, akukankha chitseko ndi phewa. Handulo ya njingayo inkakhula chitsekocho malo amodzimodzi, chaka ndi chaka, mpaka panakumbika kamzere kopindika kolowa nsonga ya chala. Akazi awo ankawanena kuti tsiku lina adzawalipiritsa chitseko cha boma. Iwo ankati boma lidikire kaye.

Tsono Amapulani sankataya kanthu. Nyumba yakale itagwetsedwa, njerwa zake anaziyala panja poyenda anthu, zitseko n'kuzisandutsa matebulo a m'holo muja.

Sabata yoyamba matebulowo atafika, Amayi a Ziphaso anakhala pa tebulo la pafupi ndi zenera. Akufufuza cholembera pansi pa mapepala, chala chinagwera m'kamzere. Anachiyendetsa mpaka pamene kanapindikira. Anachibweza. Mtima sunagunde mwachilendo, sanamve kalikonse, anangodziwa basi kuti ndi chitseko chija. Koma m'mawa mwake anafika osesa asanamalize, n'kukhala pomwepo.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Malo a pazenera ankawafuna ambiri, ndiye ankadzuka kukadali mdima, tiyi osamwa, kuti wina asawatsogolere. Kunyumba kunalibenso chinthu chimene malemu anachikhudza mpaka kuchisiyira chizindikiro. Chinatsala ndi ichi, ndipo sichinali chawo.

"Amayi, tebulo limeneli munagula zingati?" ankawaseka bambo wa misonkho.

"Pangongole," ankayankha, osadzutsa mutu.

Sanauze munthu. Akanayambira pati? Nkhani ya njinga ndi handulo ndi yofotokoza ukuseka kapena ukulira, ndipo iwo zonse ziwiri zinali zitawathera.

Amapulani ankabwerabe kudzaona mmene anthu akukhalira m'nyumba yawo. Anali ndi maso mtsikana ameneyu, zinamulakwira ndi zomwezo. Anaona cholembera cha mayiwo chikuboola pepala pa kamzere paja. Anaona ulusi wa juzi yawo utakodwa m'mphepete mwake. Anaonanso chala chikupita n'kubwerera pamalo omwewo ngati lilime pa dzino lobooka.

"Amayi, tebuloli likukuvutitsani eti?"

Iwo anatsegula pakamwa, n'kuona kutalika kwa nkhaniyo.

"Ayi mwanangu, lili bwinobwino."

Amapulani anamwetulira. Ankawadziwa anthu akuluakulu, sadandaula ngakhale nsapato ikuwaluma.

Lolemba m'holo munkanunkhira phula. Matebulo anali atawasuntha, akuwala onse mofanana. Amayi a Ziphaso anaika chikwama pa la pazenera n'kuyendetsa dzanja. See, kusalala. Anapita pa lina, kenako lina, akusisita ndi chikhatho mpaka kumapeto kwa holo. Wosesa anaima ndi tsache lake kuwayang'ana.

Amapulani anatulukira, nkhope ili mwee.

"Mwaona, amayi? Ndinawauza akalipentala kuti ayambe ndi lanu. Anamata utuchi ndi guluu, n'kupala bwinobwino. Ataona mmene lakongolera anati angopaliratu onse. Juzi yanu ija siikodwanso."

"Langa lija ndi liti?"

Mtsikanayo anamwaza maso m'holo monse, n'kuseka.

"Kaya tsopano. Ngakhale ine sindingalidziwe. Onse ndi amodzi."

Amapulani ankayembekezera mawu, ndipo mwana wa eni anali atachita zimenezi ndi mtima wabwino. Amayi a Ziphaso anafufuza mkwiyo m'kati mwawo, sanaupeze. Anafufuza chisoni, nachonso kunalibe. Munali mbee, ngati m'chipinda chimene asamukamo.

"Zikomo, mwanangu. Mwagwira ntchito."

Tsiku limenelo anapereka ziphaso monga mwa masiku onse, kwa wogulitsa matayala, kwa mayi wa saluni, kwa ena amene nkhope zawo sanazisunge. Poweruka anadutsa pa shedi yatsopano ya njinga, yadenga labwino, yokhala ndi zitsulo zokhomerapo loko. Malemu akanaikana ndithu, akanalowetsabe yawo m'holo.

M'mawa mwake anagona mpaka dzuwa kutuluka. Anamwa tiyi atakhala pansi, n'kutsuka kapu. Anafika kuntchito pamodzi ndi anthu ena onse, malo a pazenera atatengedwa kale ndi bambo wa misonkho. Atawaona, bamboyo anayamba kusonkhanitsa mapepala ake mwamanyazi.

"Pepani amayi, ndimayesa simubwera. Bwerani pamalo panu."

"Khalani, bambo," anatero, akukoka mpando pa tebulo la pafupi ndi masitepe. "Paliponse m'pamodzi."