Amukwirira Ndani Stafford?

Nkhani iyi ndinaimva kwa Munaf, mmwenye wobadwira ku Limbe amene amagulitsa nyama ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester kuno ku England. Ndinalowa m'sitolo mwake pothawa mvula, iye atamva ndikung'ung'udza m'Chichewa anandikokera mpando. Mvula inakata ife tisanamalize.

Mayi Phyllis anali atagwira foni ndi manja awiri, mlamu wawo Dylan akuwaonetsa pakanema bwalo la nyumba ya ku Jamaica. Amuna awo, a Stafford, anali atamwalira mwadzidzidzi kunyumba kwawo ku Evington. Mipando ya pabalaza inali itatulutsidwa, amayi achimalawi atakhala pansi kutsamira khoma, zitenje pamwamba pa majuzi.

"Apa, mlamu, pansi pa mtengo uwu," anatero Dylan m'Chingerezi chakwawo chija chokoka mawu. "Mkulu wanga agone pamalo pake. Anavutikira yekha."

Foni itadulidwa, mwana wawo Nicole anawakokera mayi ake kukhitchini. Nicole Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi, ndiye mawu ake ndawatembenuza ndine.

"Amayi, simukuona? Kumene kuja manda akakhala pabwalo, nyumba ija palibe angaigule. Ankolo akufuna adadi akhale loko wa pageti."

"Usawanene choncho abambo ako aang'ono. Akusamalira nyumba ija ndi iwo. Ndipo munthu saikidwa kuchilendo. Ine ndikadzafa mudzanditengere ku Domasi."

"Inu ku Domasi, adadi ku Jamaica. Ine maluwa ndizikaika kuti, pa eyapoti?"

Mayi Phyllis anatsala pang'ono kuseka, koma m'malo mwake misozi ndi imene inabwera.

A Stafford anafika ku England kuchokera ku Jamaica ali mwana wa pulayimale, ndipo anayendetsa mabasi a mu Leicester mpaka kupuma ntchito. Nyumba ya ku Jamaica anaimanga pang'onopang'ono, chaka chino chipinda, chaka chinacho denga. Atapuma anawatenga akazi awo, amene anali namwino, n'kupita kukakhala konko. Koma anthu a kumeneko sanawatchule dzina, ankangoti Mngelezi. Pamsika mitengo inkakwera iwo akangotsegula pakamwa. Chaka chisanathe anabwerera ku Evington, ati chifukwa cha madokotala. Kuyambira pamenepo nyimbo yawo inali imodzi, yoti chaka chamawa tipitanso.

Tsono Amalawi a kuno nkhani yotumiza maliro amaidziwa ngati kuphika tiyi. A Sosten, wapampando wa gulu lawo, sanadikire kufunsidwa.

"Mayi, musavutike," anatero atagwada pakhomo la khitchini. "Anthu a ndege tawafonera kale, akungodikira kuti tikonfeme. Tatumiza anthu ambiri ku Lilongwe, Jamaica ingatikanike?"

"Mwachita bwino, bambo," anayankha Mayi Phyllis. Nicole anatsegula mpopi mwamphamvu n'kuyamba kutsuka makapu otsuka kale.

M'mawa mwake kunabwera Munaf, atanyamula thireyi ya nyama. Anavula nsapato pakhomo, n'kukhala pansi chapatali monga amachitira munthu wokulira ku Malawi.

"Pepani, achemwali. Zatikhudza tonse. Anzanga andituma ndifunse tsiku, kuti titseke masitolo. Mafosholo tibwera nawo tokha."

"Zikomo, a Munaf. Koma abambo a Nicole akupita kwawo ku Jamaica."

Munaf anakanda ndevu.

"Ndiye amukwirira ndani?"

Mayi Phyllis anamuyang'ana. Ankadziwa kuti amuna awo sankaphonya maliro, mpaka ankawaseka kuti bambo inu mukanangolembedwa ntchito kumanda. Koma iwo masiku ambiri amakhala ali kuchipatala, ndiye zimene a Stafford ankachita akafika kumandako sanazionepo kwenikweni.

"Kuno mukudziwa, achemwali," anatero Munaf, "anthu amaponya kadothi kakuchikhatho, kenako n'kupita kukamwa tiyi, otsala ndi makina. Ajamaika salola zimenezo, amakwirira okha mpaka mtumbira. Ifenso Asilamu sitilola. Tsiku limene tinaika bambo anga kunali mvula yozizira, dothi lolemera ngati la m'dambo, ife ambiri ndife nkhalamba za shuga. Ndinaona munthu wakuda wamtali ataima patali, chipewa kumanja, kudikira kuti timalize mapemphero. Kenako anapita kugalimoto, anavala majombo, n'kubwera ndi fosholo. Ndinamufunsa kuti achimwene, ndinu ndani? Akuti, 'Mdalayu ankakwera basi yanga.' Basi, chibale chake chinali chimenecho."

"Ndi zoona," anatero a Sosten chapansipansi. "Mwana wathu wa yunivesite uja tinalephera kumutumiza kumudzi, amene anatsala kumanda ife titathawa kuzizira anali iwo."

Nicole anatuluka panja. Anabwerako kugalimoto ya abambo ake atanyamula fosholo yokulungidwa m'thumba lakuda, ndi majombo aakulu okhala ndi matope ouma. Anaziimika pakhomo la pabalaza, amayi aja n'kusiya nyimbo pakati.

Mayi Phyllis anatenga foni.

"Alamu, ndikufuna ndidziwe. Adzukulu kumeneko ndi ndani? Okumba ndi kukwirira?"

"Alipo anyamata amene amagwira ganyu imeneyo," anayankha Dylan. "Tiwaphera mbuzi, tiwagulira mowa wa ramu, ntchito itheka bwinobwino."

"Akuluwo amawadziwa?"

"Angalephere? Mngelezi wa nyumba yaikulu, ndani sakumudziwa?"

Dylan anadzimva yekha zimene wanena. Atayankhulanso, mawu ake anali ochepa mphamvu.

"Mlamu, ine ndakalamba. Iye akagona kwina, mawa ana abwera ndi ogula. Ndipita kuti?"

"Ine ndili moyo palibe akutulutseni," anatero Mayi Phyllis, maso ali pa Nicole. Nicole anayang'ana kudenga, ndipo za nyumbazo sanavomere kapena kukana. "Koma akulu anu sakwera ndege. Bwerani ndinu, mudzagwire fosholo."

A Sosten anatsokomola. "Nanga anthu a ndege aja?"

"Akanseleni, bambo. Pepani ndakuvutitsani."

Dylan sanabwere, mapepala anamuchedwetsa, ndiye mwambo anaonera pafoni imene Nicole anaigwiritsa mayi wina. Abusa atamaliza, wa makina okwirira manda anangozimitsa injini yake n'kupinda manja, poti anthuwo ankawadziwa. Madala achijamaika a masuti akuda anavula majekete n'kuyamba nyimbo yawo yochedwa. Munaf ndi anzake, amene anaima patali nthawi ya mapemphero, anayandikira. Amalawi nawo anapinda malaya. Fosholo ikachoka m'manja mwa uyu imalowa m'manja mwa uyo, wina akupuma mwabefu, wina akunyozedwa kuti iwe ukukwirira kapena ukuthira shuga mu tiyi?

Mtumbira utakwera, anthu anayamba kubwerera kumagalimoto. Mdala mmodzi wachijamaika anatsala, akuyang'ana dothi lija mosakhutira.

"Sizinathe," anamuuza Nicole. "Bambo ako sankachoka pali mabuluma chonchi. Ankati munthu sagona pabedi losayala."

Nicole anavula nsapato zake zazitali n'kulowetsa mapazi m'majombo aja, amene anamufika m'maondo. Anatembenuza fosholo n'kuyamba kuphwanya mabuluma ndi kumsana kwake, kusalaza kuyambira kumutu kutsikira kumiyendo. Mayi Phyllis anagwada pamatope ndi chitenje chawo, n'kumatola timiyala m'dothimo, kumatiponya pambali.

Munaf anathera pamenepo, n'kunena kuti munthu uja anagona kwawo. Ine sindinamutsutse, poti ndinali nditamwa tiyi wake. Koma ndanena kale kuti a Stafford sanasiye kunena za chaka chamawa, ndipo munthu samanga nyumba moyo wake wonse kuti azigonamo mphwake. Akanafunsidwa eni ake, ndikukayika ngati akanasankha Leicester.