Mayi Sizemore ndi Mgolo wa Kudenga

Wendell Hagan anafunsira Darla, Darla n'kulola, koma mtsikanayo ananenetsa kuti mphete savala amayi ake asanavomere. Nkhani inavutira pamenepo. Amayi akewo, Mayi Verna Sizemore, anali a mpingo wa Baptist, ochokera kumapiri a kummawa kwa Kentucky, aja amene ngakhale mankhwala a chifuwa amayamba awerenga kaye pabotolo kuti aone ngati mulibe mowa. Pomwe Wendell ntchito yake inali yogubuduza migolo ya wisiki pa kampani ina ku Bardstown.

"Ndikaone kaye kumene amagwira ntchitoko," anatero mayiwo.

Loweruka lina masana, dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo, anafikadi atavala diresi la kutchalitchi, kachikwama kali m'khwapa. Wendell anali atachonderera kale a Otis, kapitawo wake, kuti abise matambula onse ndiponso asatukwane mpaka alendo atapita.

Analowa m'nyumba yosungiramo migolo. Fungo la wisiki linali tho, koma mayiwo sanagwire mphuno. Anangoloza masitepe. Anakwera, anakwera, a Otis akupumira m'mwamba, mpaka kudenga kwenikweni kumene malata amatentha ngati uvuni. Mayi Sizemore anayenda pang'onopang'ono, n'kuima pa mgolo wina wakuda pafupi ndi zenera.

"Tsegulani uwu."

A Otis anayang'ana Wendell. Wendell anayang'ana nsapato zake.

"Mayi, umenewu si wamasewera," anatero a Otis. "Wakhalitsa kudenga kuno, kutentha kunamwa madzi onse, kwatsala moto wokhawokha. Ngakhale pandege salola kukwera nawo, amauyesa petulo."

"Ndamva. Tsegulani."

A Otis anamenya mgolowo ndi nyundo yamtengo mpaka chitsekero chinadumpha. Anamiza chitoliro chamkuwa chotungira, kenaka, mopanda manyazi, anasolola matambula awiri m'thumba la ovolosi, n'kuthiramo. Wisikiyo anali wofiirira ngati uchi wopserera.

"Imwa, Wendell," anatero mayiwo.

Wendell anayang'ana tambulayo. Akakana, aoneka ngati chidakwa chobisala. Akamwa, ndiye wadzigwiritsa yekha. Komanso panali chinthu chimene Darla yemwe sankachidziwa: zaka zonsezi anzake ankamutcha Kamkaka, chifukwa wisiki wosasungunula ankamugonjetsa. Anatseka maso, n'kugugudiza.

Moto unayambira palilime, unatsika kukhosi, n'kubwerera kudzatulukira m'mphuno. Mpweya unathawa. Anagwira mgolo, anatsokomola mpaka kugwada, misozi ndi mamina zili chuchuchu pamalaya amene Darla anamusitira m'mawa.

"Kamkaka wathu ameneyo!" A Otis anaseka mpaka kutsamira chipilala. "Mphwanga, ndinakuuza kuti umenewu amaupsompsona, samaumeza ngati msuzi!"

Wendell anadziwa kuti ukwati wathera pomwepo. Akupukuta nkhope, anaona mayi aja akupatsira a Otis kachikwama kawo kuti awagwirire, iwo n'kutenga tambula yachiwiri ija.

Anaiunika pazenera. Anaifikitsa kumphuno atayasamula kukamwa pang'ono, monga amachitira akatswiri kuti ukali usawotche mphuno. A Otis anasiya kuseka. Mayiwo anamwa pang'ono, n'kuyamba kutafuna wisikiyo ngati nyama, akuyendetsa tsaya ili ndi ilo. Anameza. Chikope sichinaphethire n'komwe.

"Mwauchedwetsa, bambo. Thabwa la mgolowu layamba kuwawa kumapetoku. Muutsitse chisanu chisanafike." Anadontheza m'tambulamo timadzi ta m'botolo limene a Otis anali nalo, n'kulawanso. "Eya. Tsopano zipatso zamveka."

A Otis anavula chipewa. Wendell anangoti kukamwa yasa, ali chigwadire.

"Mayi... inu?"

"Tseka pakamwa, ulowetsa ntchentche. Bambo anga ankatcheza kachasu wa chimanga m'nkhalango, apolisi osadziwa. Maso awo atayamba kufooka, wolawa ndinali ine, ndili kamtsikana ka sitandade. Anzanga ankaphunzira kuluka, ine ndinkaphunzira kusiyanitsa wakupha ndi wogulitsa." Anaika tambula pamgolo, theka likadalimo. "Bambo anga ankamwa wotere ngati madzi. Mlongo wanga chimodzimodzi. Mwamuna wanga, bambo ake a Darla, ndinamukonda chifukwa tsiku loyamba anagugudiza tambula yonse osakwinya nkhope, ine n'kumati ndapeza mwamuna. Onse atatu ndinawaika m'manda ndekha. Ndiye anthu akamati Verna amadana ndi mowa chifukwa saudziwa, ndimangowayang'ana."

Kunkangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa.

"Munthu akhoza kundinamiza ndi pakamwa," anapitiriza, "koma kukhosi sikunama. Ukanameza uja osatsokomola, bwenzi pano ndili m'galimoto, ndipo Darla ukanamuonera patali."

Anatsegula kachikwama kali m'manja mwa a Otis, anatulutsa kampango koyera, n'kumuponyera Wendell.

"Pukuta mamina, dzuka. Ukabwere mawa tikaweruka kutchalitchi, ndikazinga nkhuku. Ubwere ndi mphete yakoyo."

Wendell anadzuka. Anafuna kuthokoza, koma kunangotuluka chifuwa china.

Pamasitepe mayiwo anatembenuka, n'kuloza a Otis ndi chala.

"Ndipo inu, bambo, zimene mwaona kuno zikamveka kumpingo kwathu, ndidzadziwa kuti mwanena ndinu."

"Ine mayi? Ndaona chiyani ine?" anatero a Otis. Anadikira mpaka nsapato za mayiwo zitamveka pansi, kenaka ananyamula tambula yotsala ija, n'kulawa, n'kutafuna.

"Mphwanga," ananong'ona, "thabwa layambadi kuwawa."