Gwirizirani Kaye

Amuna anga anapatsidwa makiyi a sitolo ya penti ndi misomali mwana wathu woyamba akadali kumsana. Bwana, mwini sitoloyo, anati, "Mugwirizire kaye udindo wa manejala. Ndi kwa kanthawi chabe, tikukonza zoti tikukhazikitseni." Mwana uja lero ali ndi ndevu.

Sabata yomweyo shelefu ya penti inayamba kuwerama, ndipo bambo a mwanayo anazula thabwa la pabedi pathu kukaichirikiza. Nalonso linapita kwa kanthawi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikugona chopendekeka, koma sindinadandaule. Ndinkangoimba nyimbo zanga za chipiriro, pajatu pansi pano tonse ndife alendo.

Bambo akafunsa za kukhazikitsidwa, bwana ankati, "Nkhani yanu ili m'manja abwino." Analidi manja abwino. Sanataye kanthu, sanaperekenso kanthu.

Lolemba lapitali ndinawapititsira chakudya chamasana, ndipo ndinapeza bwana akulozera mpando mwana wa mlongo wawo, wovala tayi.

"Uyu ndiye manejala weniweni," anatero bwana. "Inu madala, mwagwirizira bwino. Pitani kaye mukapumeko, kwa kanthawi."

Bambo anapereka makiyi ndi manja awiri nati, "Ambuye akudalitseni." Ine mtima unandiwawa, chifukwa munthuyu wakalambira pakauntala imeneyo osabako ngakhale msomali umodzi.

"Bambo a mwana, thabwa langa," ndinatero.

"Mayi, ino si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi iti? Nalonso lapuma ntchito."

Ndinaitana manejala watsopanoyo mwaulemu. "Achimwene, tabwerani. Ikani manja apa. Onse awiri." Iye anatukula shelefu, tayi ikulendewera, ine n'kusolola thabwa langa. Zitini za penti zinagwedezeka pamwamba pa mutu wake.

"Amayi, nanga ndigwira mpaka liti?"

"Gwirizirani kaye, mwana wanga. Amalume anu akukonza."

Bambo anatsogola osacheuka, mapewa akugwedezeka, kaya ankalira kaya ankaseka. Ine ndinasenza thabwa, ndipo panjira ndinamupempherera mwana wa eni ake uja kuti Mulungu amupatse mikono yolimba, chifukwa kanthawi ka amalume ake ndimakadziwa.