Botolo Lachiwiri la Amock

"Ndiye tikaike bokosi lopanda munthu?" anafunsa a Laws, akumenya ndodo pansi. "Alamu, kwathu kuno sitichita zimenezo."

NyaKumwenda sanasiye kutsuka makapu a anthu apamaliro. Linali tsiku lachinayi chimirire mwana wake Amock mumtsinje wa South Rukuru. Minibasi yochokera ku Bolero itagwera mumtsinjewo, anthu anathamangira kwa Amock chifukwa ndiye anaphunzira ku Nkhata Bay kutsika pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana. Anatulutsa mitembo itatu. Ulendo wachinayi chingwe chimene anamumangirira chinabwera chokha.

"Botolo lina lili m'nyumbamu," anapitiriza a Laws. "Thomson anaphunzitsidwa ndi mkulu wake. Akamutenge."

"Mtsinje wadzaza, alamu. Ukukokolola mitengo yathunthu. Ndinabereka awiri, watsala mmodzi. Mukufuna ndikuwerengereninso?"

"Ndi mwana wathunso ife."

"Wanu pomuika. Pomulera munali kuti?"

Thomson anali ataima pakhomo, manja atatupa ndi mabala a chingwe. Chiyambire malirowo anali asanadye.

"Amama, chingwe ndinagwira ndine. Ali m'galimoto muja, ndikudziwa mbali yake."

"Ndati ayi."

"Ndikamva mvula ndimangoona matope akumukwirira."

"Matope akwirire mmodzi, osati awiri. Khala pansi."

Koma Thomson analowa kuchipinda n'kutuluka atakumbatira botolo lija. NyaKumwenda anayang'ana mapewa akewo, aatali kumuposa, nadziwa kuti sangamugwire. Anapukuta manja pachitenje.

Thomson anagwada, namangirira payipi yopumira, napotokola chotsegulira. Zii. Anapotokolanso mpaka kumapeto, nagogoda kawotchi koonetsa mpweya. Muvi wake sunasunthe.

"Tinadzaza mabotolo onse awiri mwezi watha," anatero. "Ndani wagwira botolo ili?"

Pamphasa, pakati pa amayi a mvano, Mabel, mkazi wa Amock, anadzutsa mutu. Mawu ake anali osasa.

"Ndi akulu anu. M'mawa uja, atabwerako koona madzi, analitengera kuseri n'kulitsegula. Linalira mpaka nkhuku kuthawa. Nditafunsa anangoti, 'Ameneyu ndimamudziwa, anganditsatire.'"

A Laws anatsokomola. "Basi akadzaze lina ku Nkhata Bay."

"Kupita ndi kubwera masiku awiri," anayankha Thomson, osadzutsa nkhope. "Pofika pamenepo mchenga udzakhala utatseka mawindo a galimoto ija."

A Laws anatola chipewa chawo napita kwa amuna anzawo kukanena za bokosi.

NyaKumwenda anagwada pafupi ndi Thomson. Anachotsa zala zake pachotsegulira chimodzichimodzi, nakweza botolo lija, nalibweza kuchipinda cha Amock. Atatuluka anatenga kapu imodzi mwa zotsuka zija, nathiramo tiyi, naiika m'manja otupawo.

"Imwa," anatero. "Wamva zimene wanena mkulu wako."