Mizere ya a Gwaza

M'sukulu za kumudzi kuno, phunziro la zaluso ndi lija aphunzitsi amalikumbukira akasowa kopita. Nthawi yake ikakwana, ena amati ana akasese pabwalo, ena amati aziimba mpaka belu lilire. Madamu Mkomba, amene ankaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina kumtunda kwa Kabudula, zimenezo zinkawanyansa koopsa. Anali mayi wamfupi, wamtima wapachala, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi anakhala akulimbana ndi nyumba imodzimodzi imene mwana aliyense amajambula: bokosi, denga la makona atatu, ndi dzuwa loseka pakona ya pepala.

Tsiku lina mu Okutobala anatulutsa kalasi yonse nkuiimika pakati pa msewu wafumbi wopita ku Nsaru, umene uli ndi mitengo ya bulugama mbali zonse ziwiri.

"Tsinzinani diso limodzi," anatero. "Tambasulani mkono, pensulo iime chilili. Mtengo uli pafupiwu ukukwana pa pensulo?"

"Ayi, madamu!"

"Nanga uja uli kumapeto uko?"

"Wachepa ngati chikhadabo!"

"Ndiye kuti anadzala mtundu wina wa bulugama, wosakula?"

Ana anaseka. Kunadutsa ngolo yonyamula njerwa, ndipo madamu anawauza kuti aziiyeza ndi pensulo ikamapita, mpaka inatsala ngati ntchentche pamsewu. Kenako anawaonetsa msewu womwewo. "Kukula kwake ndi kumodzimodzi mpaka ku Nsaru. Koma diso likuti mbali ziwirizi zikukakumana pa kadontho kamodzi, paja thambo lagundana ndi nthaka. Muzijambula chimene diso likuona, osati chimene mutu ukudziwa."

Ambiri anangomva mawu. Amene anamvetsa anali Magdalena Gwaza, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo, amene pa masamu ankachita kukwawa. Patapita sabata anabwera ndi chithunzi cha munda wa bambo ake utangogalauzidwa. Mizere inayambira pansi pa pepala ili yonenepa, zibuma zake zikuoneka, nkumanka ikuchepa ndi kuyandikana mpaka kukathera pamodzi pafupi ndi chulu, ndipo pachulupo panali kamunthu kakang'ono konyamula khasu. Munthu ankamva ngati angaponde pepalalo nkuyamba kuyenda. Madamu anachiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili pafupi.

Sukulu iliyonse inkayenera kutumiza chithunzi chimodzi ku mpikisano wa mu zoni Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo wopambana ankakaonetsa ntchito yake ku Lilongwe. Madamu sanafunse nzeru kwa munthu. Chithunzi chinali chimenechi basi, ndipo mwanayu anali woyamba m'zaka zonsezo amene akanatha kupita patali ndi pensulo. Anachimata pakhoma kuti makolo adzachione pa tsiku lawo, Lachiwiri, ndipo pansi pake analemba ndi dzanja lawo kuti "Munda wa bambo Gwaza".

Tsono a Duncan Gwaza sanali mlimi wamba. Anali mlimi wachitsanzo, uja alangizi akabwera ndi njira yatsopano amayambira m'munda mwake. Ankagalauza ndi chingwe ndi zikhomo ziwiri, ndipo anali ndi kandodo ka masentimita 75 koyezera mpata wa mizere, kosalala chifukwa chogwiragwira. Anzawo a m'kalabu ya alimi anatopa nako kandodo kameneko, chifukwa a Gwaza ankatha kulowa nako m'munda mwa mwini osaitanidwa nkuyamba kuyeza, uku akupukusa mutu. Munthu wotere amakhala ndi anthu ambiri omudikira kuti apunthwe, ndipo mmodzi wa iwo anali a Martin, amene chaka chathacho anadzudzulidwa pamaso pa kalabu yonse chifukwa cha mizere yokhota.

Lachiwiri makolo atalowa m'kalasi, a Martin ndi amene anayamba kuona chithunzi chija.

"Bwerani kuno, anzanga! A Gwaza, kodi mizere yanu imakapsompsonana kumapeto? Kuno mpata wodutsa ngolo, uko mpata wa nyerere. Chingwe chinali chitaledzera, eti?"

"Mwana sanama," anawonjezera wina. "Wajambula zimene amaona kwawo."

Chiphwete chinagwa m'kalasi monse. A Gwaza anapita pakhoma, anamatula chithunzicho, anaching'amba pakati, anaphatikiza zidutswa nkung'ambanso. Madamu Mkomba ankalowa pakhomo atanyamula choko pamene zidutswazo zinkagwera pansi, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo anamveka mpaka ku mjigo. Zinatengera a hedi kuti awakokere onse awiri mu ofesi.

"Ine ndimatumiza mwana kusukulu kuti adzaphunzire zoona," anatero a Gwaza ataima, atakana mpando. "Inu mwamuphunzitsa kunamizira bambo ake, nkulembapo dzina langa kuti mudzi wonse uwerenge."

"Palibe wakunamizirani, bambo. Chinthu chikatalikira chimaoneka chochepa. Ndi mmene diso limaonera."

"Diso! Ine zaka makumi awiri ndakhala ndikuuza anthu kuti asamakhulupirire diso. Amene amagalauza ndi diso ndi aja amakolola madengu awiri. Ndimawauza kuti agwire chingwe, ndiye inu mukubwera kudzauza ana awo kuti diso ndiye bwana?"

"Mwang'amba ntchito ya sabata yathunthu ya mwana wanu!"

"Ndang'amba bodza."

A hedi anali munthu woopa mkangano ngati mwana aopa jakisoni. Anatambasula manja ngati akuzimitsa moto. "Madamu, nkhaniyi ndi yaing'ono. Mwana ajambule china cha mizere yowongoka, bambo asangalale, titumize Lachisanu. Kodi chimavuta nchiyani? Si chithunzi chabe?"

Chithunzi chabe! Madamu anatuluka osatsazika. Lachitatu lonse anaphunzitsa ndi mano olumana, ndipo choko chinathyoka katatu pa bolodi. Magdalena anakhala kumbuyo kwake kuja, manja ali pansi pa desiki, osayang'ana munthu. Nthawi iliyonse madamu akamuona, mtima unkawira mwatsopano. Anakwiyira a Gwaza, anakwiyira a hedi, anakwiyira a Martin ndi kuseka kwawo kwa mano apanja, anakwiyira dziko lonse limene limati mwana wodziwa kujambula ndi mwana wosowa chochita. Popuma anamva kuti Lachinayi m'mawa kalabu ya alimi idzakumana m'munda mwa a Gwaza, ndipo pomwepo anadziwa chimene adzachite.

Ine ndinene pano kuti munthu wodekha akanapita madzulo, yekha, a Gwaza ali okha. Akanalonjera bwinobwino, kufunsa za mvula, kenako nkuwapempha kuti ayende limodzi mpaka kumutu kwa munda. A Gwaza sanali chitsiru, akanaona. Koma madamu sankafuna kuti a Gwaza angoona. Ankafuna aone anthu akuonerera, monga mmene chithunzi chinang'ambidwira anthu akuonerera.

Lachinayi anandandalitsa kalasi yonse awiriawiri nkuyenda nayo njira ya kudambo. Anapeza alimi okwana makumi awiri, amuna ndi amayi, ataima kumutu kwa munda, a Gwaza ali pakati akufotokoza za kabzalidwe ka chimanga, phando limodzi mbewu imodzi. Munda wake unali wokongola zedi, zimenezo palibe angatsutse. Mizere yofiirira inali itagona mwadongosolo mpaka kuchulu.

"Pepani akuluakulu, tabwera kudzaphunzira," anatero madamu, moni wake ndi womwewo. "Ndikupempha aliyense aime apa ayang'ane kuchulu uko. Tsinzinani diso limodzi. Tolani kaudzu, mutambasule mkono, muyeze mpata wa mizere iwiri ili pamapazi panuyi. Tsopano yezani mizere yomweyo kumapeto uko."

A Martin anali oyamba kutola kaudzu. Ena anatsatira, akusekerera, amayi atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Aaa, koma inde," anatero mayi wina. "Ikukakumanadi."

"Bambo Gwaza, ndibwerekeni kandodo kanu."

A Gwaza anazengereza, koma pamaso pa anthu sakanakana. Madamu anayeza mpata pamapazi pawo, kandodo kanakwana ndendende. Anayenda mumzere ndi nsapato zawo za kusukulu, fumbi likufuka, mpaka kuchulu, ndipo atafika kumeneko anali atachepa ngati kamwana. Anawerama, anayeza, anakweza kandodo m'mwamba nkukuwa kuti, "Chimodzimodzi!" Kenako anabwerera akupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Mwaona? Mizere yanu ndi yowongoka, bambo. Palibe munda wowongoka ngati uno kuno konse. Ndi chifukwa chake ikuoneka kuti ikukakumana pamalo amodzi. Mwana wanu anajambula zoona."

Akanalekera pomwepo, nkhani inali itatha bwino. A Gwaza anali atatsinzina diso limodzi iwonso, mwakabisira, ndipo nkhope yawo inali itayamba kumasuka. Ngakhale a Martin anali atasiya kusereula. Koma mawu amene madamu anawasunga masiku awiri anali atafika kale pakhosi.

"Ana a Sitandade 7 izi anazimvetsa tsiku limodzi. Inu, mlimi wachitsanzo, wophunzitsa anzanu, munang'amba ntchito ya mwana wanu chifukwa cha umbuli. Umbuli basi! Magdalena, bwera kuno kutsogolo. Bambo Gwaza, mupepeseni mwanayu pompano."

Amayi anagwetsa nkhope. Kuuza bambo kuti apepese mwana wake wamkazi, m'munda mwake, ana a eni akumvetsera! Kumbuyo kwa gulu la ana kunamveka wina akulephera kugwira phwete, ndipo linafalikira. Magdalena sanasunthe pamene anaima.

"Sukulu ndi yabwino, a Gwaza," anatero a Martin, mphamvu zitabwerera. "Bwanji mukalembetse Sitandade 7? Yunifolomu tikusonkherani ife a kalabu."

Apa ndiye anthu anaseka osadzigwira. A Gwaza anaima chilili akuyang'ana kuchulu. Sanakalipe, ndipo madamu akanakonda akanakalipa. Anangotambasula dzanja nkunena motsitsa mawu kuti, "Ndipatseni kandodo kanga." Atalandira, anadutsa pakati pa alimi aja nkulowera njira ya kumudzi, msonkhano osautseka.

Pobwerera kusukulu madamu ankayenda mopepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Poweruka anaitana Magdalena nkumupatsa pepala lalikulu latsopano, labala, ndi mapensulo awo atatu amene sankabwereka munthu aliyense. "Kajambulenso madzulo ano. Palibenso amene angakuletse. Mawa chithunzi chako chikupita ku zoni." Mtsikanayo analandira ndi manja awiri maso ali pansi, ndipo madamu anaganiza kuti ndi kufatsa kwake kwa masiku onse.

Lachisanu m'mawa a hedi anali atatulutsa kale njinga yawo yamoto kuti akapereke chithunzi ku zoni. Magdalena analowa m'kalasi anzake ali pa asembule, anagwada pambali pa tebulo nkupereka pepala. Madamu analitambasula akumwetulira.

Mizere inachokera pansi pa pepala mpaka pamwamba ili yofanana, yolembedwa ndi rula, mpata wake umodzimodzi ngati makwerero ogonekedwa. Pakati pa munda panaima munthu wamkulu kuposa chulu, wamkulu kuposa mitengo, atagwira chingwe. Nkhope yake inali ya a Gwaza, yojambulidwa mosamala mpaka makwinya a pamphumi. Chakumtunda pepala linali litaperepeseka ndi labala. Zinkaoneka kuti dzanja linkayamba lokha kuyandikizitsa mizere, ndipo mwini dzanja ankafufuta nkubweza rula, kambirimbiri.

"Akukakamiza, eti?" Madamu anadzuka, mpando nkugwa. "Akumenya? Nena! Ndipita komweko pompano."

"Ayi, madamu. Bambo sananene chilichonse. Kuyambira dzulo sanayankhule ndi munthu, ndipo chakudya chinabwerera osachikhudza. Ndajambula ndekha."

"Koma iwe ukudziwa kuti izi ndi zolakwika!"

"Ndikudziwa, madamu."

"Ichi sichingapambane. Ku Lilongwe sungapite ndi chimenechi. Ukumva?"

"Ndikumva. Tumizani chomwecho." Anapisa m'thumba la yunifolomu, anatulutsa mapensulo atatu aja ndi labala yotsala kachidutswa, nkuziika patebulo mwaulemu. "Zinthu zanu ndi izi. Zikomo pondibwereka."

"Sunga. Ndakupatsa."

"Ayi, madamu. Sindizifunanso."

Magdalena anadzuka nkutuluka kupita ku asembule. Panja njinga inalira, ndipo a hedi anakuwa kuti, "Madamu Mkomba, chithunzi chija! Tikuchedwa!"

Madamu anaima ndi pepala m'manja, mkwiyo uli tho m'chifuwa ngati masiku onse. Anayang'ana pakhomo, anayang'ana pazenera, akufuna munthu woti amukalipire. M'kalasimo munalibe wina aliyense koma iwo okha.